Thaulo la Mbali Zitatu

1. Botolo la amayi

Tsiku la mpikisano linayamba ndi mlandu.

"Botolo langa la mafuta odzola lili kuti?" Amayi anaima pakhomo la chipinda, manja ali m'chiuno. "Dzulo linali pawindo apa. Lamera miyendo?"

"Sindinalione, amayi."

"Sunalione. M'nyumba muno amene amatha nthawi pagalasi ndi ndani? Mphaka?"

Mwana wawo wamkazi anali kumanga zingwe za nsapato. Anakoka mwamphamvu mpaka chingwe china chinaduka. Panja, mchimwene wake ankapopa njinga uku akuimba mluzu ngati munthu wogontha.

Kubwalo la gofu mtsikanayu ankamutcha Chikwakwa, ndipo dzinali linali ndi zifukwa ziwiri. Akamenya mpira ndi ndodo yaikulu, mpirawo unkanyamuka bwinobwino, kenaka n'kukhotera kumanja monga chimakhotera chikwakwa. Ukatero unkagwera mu udzu wautali, kumene mwini wake ankakatchetcha udzu kuti autulutse. Anzake ankati bwalolo liyenera kumamuthokoza chifukwa cholilambulira.

Mchimwene wake ankagwira ntchito pabwalo lomwelo, yonyamulira osewera zikwama za ndodo. Ndiye anamuphunzitsa gofu ali wamng'ono, ndi ndodo yothyoka imene anaidula n'kuikulunga mphira. Anzake ankamutcha Injiniya chifukwa panalibe chimene ankalephera kukonza ndi waya. Zimene wakonzazo zinkagwira ntchito masiku ochepa, koma zimenezo iye sankaziwerengera.

Timu ya atsikana a sekondale yopita kukasewera kunja kwa dziko inali itatsala pang'ono kudzaza. Panatsala malo amodzi okha, ndipo owalimbirana anali awiri: Chikwakwa ndi mtsikana wina wotchedwa Rula. Lero ankayenera kuzungulira bwalo lonse limodzi. Amene amalize maenje onse atamenya mpira kochepa, ndiye akwere ndege.

"Ukamabwera ndilipeze botolo langa," amayi anakuwa njinga itafika kale pamsewu. "Gofu wakoyo sindidzola!"

2. Ulaliki wa Akapitawo

Kuseri kwa nyumba ya kalabu kunali shedi ya malata. Munali mabenchi awiri, mpope wa madzi wodontha, ndowa, ndi chingwe choyanikapo mataulo akale. Mfumu ya shediyo anali Akapitawo, mkulu wa mwendo wouma amene ankayang'anira onyamula zikwama onse. Mpikisano uliwonse unkayamba ndi ulaliki wawo. Onyamula zikwama ankaudziwa pamtima, moti ena ankatsatira ndi milomo.

Akapitawo anakweza thaulo m'mwamba.

"Thaulo ili lili ndi mbali ziwiri. Ziwiri! Mbali iyi mumainyowetsa ndi madzi. Ndati madzi, osati malovu anu. Mbali iyi mumaisiya youma. Wosewera akamenya, mumalandira ndodo, mumapukuta ndi konyowa, kenaka kouma, ndiye ilowe m'chikwama. Osaiponyamo ndi matope ake ngati khasu lobwereka.

"Mukutiona timizere iti pankhope ya ndodo? Sanatilembe kuti tikongoletse. Amenewa ndi mano. Ndi amene amaluma mpira kuti uzungulire m'mwamba, ukaime pamene mwautuma. Mukatisiya tidzaze dothi, ndodo imasanduka nkhalamba ngati ine, yongomeza osatafuna. Tengani kachikhomo koikapo mpira, mutokose m'mizeremo, umodziumodzi. Ndikapeza ndodo ili ndi dothi la dzenje loyamba pa dzenje lomaliza, wonyamula chikwamacho akagone ndi njala ya ntchito mwezi wonse.

"Tsono chomaliza ndi ichi, ndipo tsegulani makutu. Pankhope ya ndodo pamafika zinthu ziwiri zokha, madzi ndi mpira. China chilichonse, kaya phula, kaya mankhwala a asing'anga anu, wosewera wanu wachotsedwa mu mpikisano pomwepo. Sadzafunsa kuti amadziwa kapena ayi. Dzanja la wonyamula ndi dzanja la wosewera. Ndipo iwe wonyamulawe ndidzakuperekeza ndekha mpaka pachipata, usadzabwerenso ngakhale kudzapempha madzi akumwa."

Kenaka anatembenukira atsikana awiriwo.

"Inunso, ana inu. Ndodo si ya wonyamula, ndi yanu. Ena a inu mumangotambasula dzanja kumbuyo osacheuka, ngati mwana wa bwana akufuna supuni. Ndodo yanu yomwe simuidziwa nkhope. Tsiku lina adzakupatsani tsache, inu n'kumenya."

Onyamula zikwama anaseka. Rula sanaseke. Anali mtsikana wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo mpira wake unkayenda ngati wajambulidwa ndi rula pa pepala. Chikwama chake ankanyamula ndi amalume ake.

"Wabweretsa nsapato za m'tchire?" Rula anafunsa akupita poyambira. "Ndamva kuti udzu wa kumanja wakula. Akukudikira."

"Iwe konza mpango wopukutira misozi," anatero Chikwakwa.

3. Chikwakwa chawongoka

Pa dzenje loyamba Injiniya anasolola ndodo yaikulu, imene osewera ankaitcha chimutu. Anaipukuta msangamsanga atatembenukira kumbali, n'kuipereka chogwirira chili kutsogolo.

"Usaganize zambiri, mlongo. Ingomenya."

Chikwakwa anamenya. Mpira unanyamuka, ndipo aliyense anayamba kale kuyang'ana kumanja kumene unkayenera kukagwera. Sunapiteko. Unangopita kutsogolo, n'kutera pakati penipeni pa kapinga.

"Ha!" anatero amalume a Rula. "Ngakhale wakhungu amaponda ndalama."

Pa dzenje lachiwiri zinachitikanso. Pa lachitatu chimodzimodzi. Chikwakwa anayamba kuyenda mothimbwidzika. Miyezi yonse ija ankadzuka mbandakucha kukamenya mipira mu ukonde wong'ambika kuseri kwa shedi, manja mpaka matuza. Tsopano, anatero mumtima, khama labala.

"Rula," anaitana, "kodi udzu wa kumanja uja uli bwanji? Sindinapiteko lero. Ukauone m'malo mwanga."

Rula anamenya mpira wake mokwiya, ndipo kwa nthawi yoyamba pa tsikulo unalowa mumchenga.

Kumbuyo kwawo kunkabwera Mayi Woweruza, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, atafunda ambulera yakuda. Ntchito yawo inali kuona kuti malamulo akutsatidwa. Sankayandikira, koma ambulerayo inkaoneka paliponse.

Chikwakwa anali patsogolo. Koma kusukulu ankakonda masamu, ndipo zinthu zosagwirizana zinkamuyabwa. Pofika pakati pa bwalo anali ataona zinthu zitatu.

Choyamba: ndodo zina zonse Injiniya ankazipukuta mpira utamenyedwa, monga ananenera Akapitawo. Chimutu chokha ankachipukuta mpira usanamenyedwe.

Chachiwiri: Chikwakwa akangomenya, Injiniya ankachikwatula chimutucho n'kuchiveka chipewa chake, ngati mayi wobisa khanda kwa alendo.

Chachitatu: thaulo linali paphewa monga mwa masiku onse, konyowa kutsogolo, kouma kumbuyo. Koma ngodya imodzi inali yopindidwa n'kulowetsedwa m'thumba la malaya.

Atafika poyambira dzenje lotsatira, Rula ndi amalume ake anapatuka kukamwa madzi pampope. Injiniya anapukuta chimutu n'kuchipereka. Chikwakwa sanapite pa mpira. Anachitembenuza, mutu m'mwamba.

Nkhope ya ndodoyo inkanyezimira. Tiudzu tiwiri ndi kanyerere zinali zitamatirira pamenepo. Anakhudza ndi chala, chala chinaterereka. Ananunkhiza.

Linali fungo la amayi akamapita ku ukwati.

4. Kuseri kwa mtengo

"Achimwene, bwerani kuno."

Anamukokera kuseri kwa mtengo waukulu umene unali pafupi. Anatulutsa ngodya ija m'thumba la malaya. Inali yonona, yachikasu.

"Ichi n'chiyani?"

"Tsitsa mawu."

"Ndati ichi n'chiyani?"

"Ndi kamafuta chabe," Injiniya ananong'ona, maso ali ku ambulera yakuda. "Nkhope ikaterera, mano saluma mpira. Mpira ukapanda kuzungulira, sukhota. Basi. Ndakukonzera vuto limene aphunzitsi ako alephera chaka chonse, ndiye ukundiyang'ana ngati ndapha munthu?"

"Kuyambira dzenje loyamba?"

"Nanga ndikanayambira lomaliza?"

"Ndipo m'mawa muja amayi akunditukwana, inu mumaimba mluzu."

"Botolo ndibweza. Ndangotapako pang'ono."

Chikwakwa anamenya mtengo ndi chikhato mpaka dzanja linachita dzanzi.

"Ine ndimayesa ndine! Ndakhala ndikuyenda pano ngati tambala, kumunyoza mnzanga, kumati khama langa labala. Kani ndi mafuta a amayi amene akusewera! Matuza onse aja ndinatupira chiyani? Mukanandiuza, bwenzi ndikugona mpaka dzuwa litakwera."

"Mvera, iwe mwana. Ine ndanyamula zikwama pano kuyambira iwe usanadziwe kupukuta mamina. Ndaona madokotala akukankha mpira ndi phazi. Ndaona abusa akuiwala kuwerenga kuti amenya kangati. Rula ali ndi ndodo zatsopano, mphunzitsi wakewake, nsapato za misomali. Iwe uli ndi ndodo zobwereka ndi ine. Aliyense amabwera ndi chimene ali nacho."

"Simunandifunse."

"Ukanakana."

"N'chifukwa chake mukanandifunsa!"

Injiniya anapukuta thukuta ndi mbali youma ya thaulo.

"Chabwino, wakwiya. Kwiya, koma uwerenge bwino, poti umakonda masamu. Ukapita kwa mayi wa ambulerayo, iwe wachotsedwa, ndege yapita ndi Rula. Ine Akapitawo andiperekeza pachipata. Ukakhala chete, palibe wafa. Sankha."

Chikwakwa anamuyang'ana. Khoswe anali atakhala pamkhate, ndipo ankadziwa kuti wakhala pamkhate.

"Tulani chikwama."

"Wati chiyani?"

"Tulani chikwama changa pansi. Thaulo lanulo tengani. Chokani."

"Unyamula wekha? Dzuwa limeneli? Usachite misala, mlongo."

"Mukapanda kuchoka ndikuwa."

Injiniya anatula chikwamacho pang'onopang'ono. Anakoleka thaulo m'khosi n'kulowera njira ya kushedi.

Chikwakwa anapita pampope. Anatapa dothi, n'kukwecha nkhope ya chimutu, n'kutsuka, n'kukwechanso. Mafuta sachoka ndi madzi okha. Anavula sokosi imodzi, n'kupukuta nayo mpaka chala chinayamba kulira pachitsulo. Kenaka anatokosa timizere tonse ndi kachikhomo.

"Kodi mukuchapa zovala kapena tikusewera?" anafunsa Rula.

Chikwakwa anaika mpira, n'kumenya. Mpira unanyamuka bwinobwino, unaganiza pang'ono, n'kukhotera kumanja mu udzu wautali.

"Eya," anatero amalume a Rula. "Mwini mudzi wabwera."

5. Chenjezo lolakwika khomo

Chikwama cha gofu chimalemera mosiyana ukachiona paphewa la wina. Lamba wake anayamba kudya phewa la Chikwakwa. Akamenya, ankayenera kutula, kunyowetsa sokosi ndi madzi a m'botolo lake lakumwa, kupukuta, kutokosa, kubweza ndodo, kusenza, n'kuthamangira anzake. Phazi lopanda sokosi linatupa chithuza.

Akutuluka mu udzu, tinthu tomata tili thoo m'miyendo, anapeza ambulera yakuda itamudikira.

"Mtsikana iwe, wonyamula wako ali kuti?"

"Ndamubweza, mayi."

"Wamubweza. Lamulo silikuletsa, koma ine ndili ndi pakamwa, ndipo undimvera uku tikuyenda." Mayi Woweruza anayamba kuyenda pambali pake. "Ndinakuona kuseri kwa mtengo kuja ukumuloza chala mkulu wako. Sindinamve mawu, koma ndaphunzitsa ana zaka zambiri, mwano ndimaudziwa ngakhale uli patali. Mnyamata amene uja ndimamuona m'mawa uliwonse akukutolera mipira mumame. Anzake akuthamangira mabwana, iye ali ndi iwe. Lero wasiya ntchito yake kuti akunyamulire, wakupukutira ndodo bwinobwino, mpira wako wayenda mowongoka kuposa kale lonse. Ndiye chifukwa watsogola pang'ono, mutu wakula, wayamba kuona ngati wafika wekha pamenepa.

"Ndikuuze, mwana wanga. Masewera awa si a mkono wokha. Wina aliyense angathe kumenya mpira. Chimene timayang'ana posankha mwana wopita kunja ndi khalidwe, chifukwa kumeneko sitidzakhalako kuti tizimuweta. Mtima wapachala umagwetsa anthu aluso kuposa iwe. Taona tsopano, wamuthamangitsa, ndipo mpira wako wabwerera kutchire. Sukuona kuti dalitso lako linali m'manja mwa mchimwene wako?"

"Ndikuona, mayi," anatero Chikwakwa, mano ali gwa.

"Ukamaliza ukamupepese. Pamaso panga."

"Ndamva, mayi."

Ambulera inabwerera m'mbuyo. Chikwakwa anasolola ndodo yachitsulo, n'kumenya mpira ndi mkwiyo wonse umene unali pakhosi. Mpirawo unakwera, unatera pafupi ndi mbendera ya padzenje, unadumpha kamodzi, n'kuima nji. Mano a ndodo anali ataluma. Umenewo unali wake, ndipo panalibe womuuza.

Maenje otsalawo anali nkhondo. Chimutu chinkamutaya kumanja, zitsulo zinkamubweza. Rula anasiya zonyoza, n'kuyamba kudya mpata uja pang'onopang'ono ngati chiswe. Pofika pa dzenje lomaliza, Chikwakwa anali patsogolo ndi kumenya kumodzi kokha.

Pakhonde la kalabu panali anthu: atsikana a mu timu, aphunzitsi, onyamula zikwama. Rula anagwetsa mpira wake m'dzenje. Chikwakwa anagwada, anapukuta nkhope ya ndodo yake ndi sokosi yakuda bii, anaimirira, n'kukankha mpira. Unazungulira pamlomo pa dzenje, n'kugweramo.

Pakhonde anaomba m'manja.

6. Kumenya kumodzi

Rula anabwera atatambasula dzanja. Maso ake anali ofiira, koma mawu anali owongoka ngati mpira wake.

"Wapambana. Chigawo chachiwirichi ndakuposa, ukudziwa. Koma maenje oyamba aja unandipha. Sindinakuonepo ukumenya choncho." Anapukuta m'maso ndi dzanja linalo. "Ndimayesa sulimbikira. Ndinalakwa. Ukatiimirire bwino kumeneko."

Akanamutukwana, mwina zikanapepuka. Chikwakwa anagwira dzanjalo, n'kulisiya msanga ngati lotentha.

Anatula chikwama, n'kukhala pa kapinga. Masamu ake anali osavuta, ndipo ndicho chinamukwiyitsa kwambiri. Ndodo anaitsuka, inde. Wonyamula anamuthamangitsa, inde. Koma kumenya kumodzi kumene wapambana nako kunachokera m'botolo la amayi, ndipo kumeneko kunalibe mpope wokutsukira.

Anaimirira, n'kulowa m'kachipinda ka woweruza osagogoda. Munali tebulo, mipando iwiri ndi ambulera itatsamira pakona. Rula ndi amalume ake anali atalowa kale kudzatsimikiza zotsatira.

"Wabwera ndi mchimwene wako?" anafunsa Mayi Woweruza.

"Ayi, mayi. Ndabwera kudzanena kuti chimutu changa chinali ndi mafuta pankhope. Kuyambira dzenje loyamba mpaka pampope paja."

Amalume a Rula anavula chipewa, n'kuchivalanso.

"Mafuta anji?"

"Odzola."

"Ukudziwa tanthauzo la zimene ukunenazi?"

"Akapitawo ananena m'mawa."

Mayi Woweruza anavula magalasi, n'kuwaika patebulo.

"Ndiye wachotsedwa. Malo apita kwa mnzakoyu."

"Ine sindikuwafuna!" Rula anaimirira, mpando n'kugwa. "Iwe, wandisiya ndikuthokoze pamaso pa anthu? Ndakugwira dzanja! Unadziwa kuyambira pampope, n'kundisiya ndithamange bwalo lonse ndikulimbana ndi mafuta? Bwanji sunanene pomwepo?"

"Ndimayesa ndikatsuka zitha."

"Zitha! Tsopano aliyense azidzati Rula anapita chifukwa mnzake anamusiyira. Wandipatsa malo ngati chovala chakutha!"

"Tenga kapena usiye, n'zako!" Chikwakwa nayenso anakuwa. "Ukuganiza kuti ine ndikusangalala?"

"Khalani chete nonse!" Mayi Woweruza anamenya tebulo. "Iwe Rula, malo ndi ako, ufune usafune. Wawapeza ndi ndodo zoyera. Tuluka, ukalirire panja."

Rula anatuluka, amalume ake pambuyo. Chitseko chinamenyedwa mpaka ambulera inagwa.

Mayi Woweruza anamuyang'ana Chikwakwa. Anayang'ananso phazi lopanda sokosi.

"Zija ndinakuuza m'njira zija," anayamba, koma sanamalize. Anavalanso magalasi. "Wachedwa kunena, ndipo kuchedwako n'kulakwa. Ndodo yodetsedwa ukaiona pampope, umanena pampope pomwepo, osati utamva kukoma kwa kuomberedwa m'manja. Komabe wanena wekha, popanda wokugwira, ndipo zimenezo ndikazinena kumene ndikupita. Tsono latsala funso limodzi. Anapaka ndani?"

Chikwakwa anayang'ana pansi.

"Ndodo ndi yanga, mayi."

"Sindinafunse mwini ndodo. Mvetsa bwino. Ngati unapaka ndiwe, pabwalo pano sudzasewerapo mpaka utamaliza sukulu. Ngati ndi wonyamula, iwe udzayesanso chaka chamawa, koma iye ntchito yatha. Akuluakulu a kalabu akumana mawa, ndipo ndikapita ndi dzina limodzi. Sindikufuna bodza la chifundo, sindikufunanso bodza lodzipulumutsa. Pita ukaganize. Akapitawo ndiwauza ndekha."

Chikwakwa anatuluka. Pakhonde anthu anali atayamba kale kunong'onezana. Anabweza chikwama kushedi, n'kuyenda motsimphina kulowera kuchipata.

Injiniya anali atakhala pamwala kunja kwa chipata, njinga itatsamira mpanda. M'manja anali ndi mabotolo awiri a zakumwa zozizira. Atamuona anaimirira, kumwetulira mpaka m'makutu.

"Ndamva m'manja muja ndili konkuno!" anakuwa. "Wandithamangitsa, chabwino, ndakukhululukira. Kwiya mpaka mawa ngati ukufuna, koma ndege wakwera. Landira, mlongo, uyambe kuzolowera zozizira."

Anatsegula botolo limodzi ndi mano, n'kulitambasula.

Chikwakwa sanalilandire. Kumbuyo kwake, pamsewu wamiyala wochokera kushedi, kunkamveka mwendo wouma ukukwekwereza mofulumira kuposa masiku onse.

"Injiniya!" anaitana Akapitawo. "Usakwere njingayo. Bwera nalo kuno thaulo lako."